Kusamalira Galu Amene Wachitidwa Opaleshoni ya Msana

Galu amene wachitidwa opaleshoni ya msana amatuluka m'chipatala cha ziweto ali ndi bala losokedwa, ubweya wometedwa mbali yaikulu ya msana, ndiponso nthawi zambiri miyendo yakumbuyo imene sinayambe kugwira ntchito bwino. Dokotala amakhala atachita mbali yake, yomwe ndi kuchotsa chimene chinkapanikiza mtsempha waukulu wodutsa m'kati mwa mafupa a msana, koma kuchira kwenikweni kumachitikira kunyumba m'milungu yotsatira. Kumadalira kwambiri zinthu ziwiri zimene palibe wina angakuchitireni: kumuletsa galuyo kuyendayenda ngakhale akuoneka kuti wapeza bwino, ndi kuonetsetsa kuti chikhodzodzo chake chikutulutsa mkodzo wonse tsiku lililonse.

Ndi bwino kumvetsa kaye chimene chinachitika m'thupi mwake, chifukwa munthu amene akudziwa chifukwa cha lamulo savutika kulisunga. Galu ali ndi mafupa 7 m'khosi, 13 pamene pamalumikizana nthiti, 7 m'chiuno, ndi 3 ogwirana pafupi ndi pamene pamayambira mchira. Pakati pa mafupa ambiri mwa amenewa pali madisiki, tinthu tofewa m'kati koma tolimba kunja, timene timateteza mafupa kuti asamakhulane. Disiki ikaphulika, zam'kati mwake zimakankhikira m'njira ya mtsempha uja n'kuufinya, ndipo uthenga wochokera ku ubongo umalephera kufika ku miyendo. Dokotala wa ziweto wa ku Sweden, Hans-Jörgen Hansen, anafotokoza mitundu iwiri ya vutoli m'chaka cha 1952: wina umabwera mwadzidzidzi, makamaka kwa agalu a miyendo yaifupi monga dachshund, French bulldog, beagle, pekingese ndi basset hound, ndipo wina umakula pang'onopang'ono mwa agalu akuluakulu okalamba. Pa opaleshoni ya pamsana, imene madokotala amaitcha hemilaminectomy, amaboola kazenera pambali pa fupa n'kuchotsa zophulikazo. Ngati vuto lili m'khosi amalowera chakutsogolo kwa khosilo. Zindikirani kuti opaleshoni sikonza mtsempha wovulalawo, imangoupatsa mpata woti uchire wokha, ndipo mitsempha imachira mochedwa kwambiri kuposa khungu.

Musanachoke kuchipatala

Musanyamuke musanafunse ngati galuyo akumva kupweteka akatsinidwa mwamphamvu pa chala cha mwendo wakumbuyo. Yankho la funso limeneli ndi limene limasonyeza zimene mungayembekezere. Mwa agalu amene amachitidwa opaleshoni akumvabe kupweteka kotero, oposa 9 mwa 10 amadzayendanso, pamene mwa amene anasiyiratu kumva, pafupifupi theka kapena kuposerapo pang'ono ndi amene amadzayenda, ndipo amatenga nthawi yaitali. Funsaninso ngati akukodza yekha. Ngati sakutero, pemphani dokotala kapena womuthandiza kuti akuphunzitseni kufinya chikhodzodzo pomwepo, manja anu ali pa galuyo ndipo manja ake ali pamwamba pa anu, kufikira mutatulutsa mkodzo nokha. Kungoonerera sikukwanira, pakuti chikhodzodzo chimadziwika ndi manja, osati ndi maso. Mankhwala onse alembedwe pa pepala, dzina, mlingo ndi nthawi yake, pamodzi ndi tsiku lodzachotsa ulusi ndi nambala ya foni imene mungaimbe usiku.

Konzani khola galu asanafike

Madokotala ambiri amalamula kuti galu akhale m'khola kwa milungu 4 mpaka 6, ena mpaka 8, ndipo amatanthauza usana ndi usiku, kupatula mphindi zochepa zokadzithandiza ndi zochita zolimbitsa thupi. Kholalo likhale lokwanira kuti galu aimirire, atembenuke ndi kugona atatambasula miyendo, koma lisakhale lalikulu moti angathamangemo kapena kudumpha. Ngati galu ndi wamkulu kwambiri, tchingani ngodya ya chipinda ndi zotchinga zolimba zimene sangakwere. Chipinda chonse si khola, makamaka ngati muli mpando kapena bedi limene angayese kukwerapo.

Pansi yalani matiresi olimba bwino, osati ofewa moti galu akumiramo, chifukwa galu wofooka miyendo amavutika kudzuka pa chinthu chofewa kwambiri. Pamwamba pa matiresi ikani pulasitiki, kenako nsalu kapena mathaulo amene amamwa madzi ndiponso amachapika mosavuta. Khalani ndi zoyala zokwanira kusintha katatu kapena kanayi pa tsiku, popeza m'masiku oyambirira muzichapa kawirikawiri. Mbale ya madzi ikhale pamene angaifikire osadzikoka, ndipo ikhale yolemera kapena yomangirira kuti asaigubuduze.

Ikani kholalo pamene anthu a m'nyumba amakhala nthawi zambiri, kutali ndi dzuwa lachindunji ndiponso mphepo. Galu amene watsekeredwa yekha kuchipinda chakutali amalira ndi kukanda chitseko, ndipo kudzigwedeza kumeneko n'kumene mukufuna kupewa. Koma lisayang'anizane ndi zenera kapena khomo limene amaonerapo alendo n'kuyamba kuuwa. Njira yochokera pa khola kupita panja, ngati ndi yoterera, yalanipo kapeti kapena mphira. Agalu ena a pakhomo asamalowe m'kholamo, ndipo ana auzidwe momveka bwino kuti chitseko cha khola satsegula okha.

Kanyamulidwe

Lowetsani dzanja limodzi pansi pa chifuwa, kuseri kwa miyendo yakutsogolo, ndipo lina ligwire matako ndi ntchafu, kenako mukweze mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, msana uli mowongoka ngati thabwa, thupi lake litagunda chifuwa chanu. Musamunyamule m'khwapa miyendo yakumbuyo ikulendewera, ndipo musamukoke miyendo pomutulutsa m'khola. Galu wamkulu anyamulidwe ndi anthu awiri, kapena agonekedwe pa bulangete lolimba logwiridwa m'ngodya zonse. Pomutsitsa, musamusiye kufikira mapazi onse atafika pansi, chifukwa agalu ambiri amayesa kudumpha m'manja akangoona kuti pansi payandikira.

Kolala ya m'khosi isiyeni, makamaka ngati opaleshoni inali ya m'khosi. Chingwe chizimangidwa pa chovala cha malamba chimene chimagwira chifuwa ndi mapewa.

Chikhodzodzo

Apa ndi pamene eni agalu ambiri amalakwitsa, ndipo amalakwitsa ndi mtima wabwino. Amadzuka m'mawa n'kupeza zoyala zanyowa, ndiye amasangalala kuti galu wayamba kukodza. Kawirikawiri zimenezi zimatanthauza zosiyana kwambiri: chikhodzodzo chadzaza mpaka mkodzo ukungosefukira wokha ngati madzi a mu ndowa yodzaza, pamene wambiri watsalira m'kati. Chikhodzodzo chikakhala chofutukuka chotero kwa nthawi yaitali, minofu yake imatha mphamvu moti mwina sichidzathanso kudzifinya chokha ngakhale mitsempha itachira, ndipo mkodzo wokhalitsa umabala tizilombo toyambitsa matenda amene angakwere mpaka ku impso.

Galu amene sakodza yekha afinyidwe katatu kapena kanayi pa tsiku, kutanthauza maola 6 mpaka 8 alionse, kuphatikizapo m'mamawa kwambiri ndi usiku musanagone. Muimikeni pamalo osaterera munthu wina atamugwira chakutsogolo, kapena mugonekeni cham'mbali pa thaulo ngati kuima kukumuvuta. Ikani zikhatho zanu mbali zonse ziwiri za mimba, kumbuyo kwa nthiti, kutsogolo pang'ono kwa ntchafu. Dikirani kaye kuti afewetse mimba, popeza galu akangokhudzidwa amaumitsa minofu. Kenako yandikizani manja anu pang'onopang'ono ngati mukufuna kuti akumane m'kati. Mudzamva chinthu chobulungira, chosalala, chimene chimathawa m'manja ngati chibaluni chokhala ndi madzi. Kwa galu wamng'ono chikadzaza chimakhala ngati ndimu kapena lalanje. Mukachigwira pakati pa zikhatho, panikizani mosalekeza, mofatsa, molunjika kumchira. Gwiritsani ntchito zala zowongoka zogundana, osati nsonga za zala, ndipo musafinye modukizadukiza. Nthawi zambiri pamapita masekondi angapo musanaone kanthu, mchira umatukuka pang'ono, kenako mkodzo umayamba kutuluka. Pitirizani kufikira utasiya, pumulani pafupifupi theka la mphindi kuti chikhodzodzo chisonkhanenso, ndipo bwerezani mpaka chitamveka chophwa ngati kathumba kopanda kanthu.

Masiku awiri kapena atatu oyambirira mudzaona ngati simungathe, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Kuvulala kwa mtsempha wa pamsana kawirikawiri kumachititsa kuti khomo la chikhodzodzo likhale lothina kwambiri, ndipo agalu aamuna amavuta kuposa aakazi chifukwa njira yawo ya mkodzo ndi yaitali ndiponso yopapatiza. Musalimbane nacho ndi mphamvu, chifukwa chikhodzodzo chikhoza kuvulala. Ngati papita maola 12 osatulutsa kanthu, kapena mimba yauma ndipo galu akulira mukaikhudza, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Dokotala akhoza kutulutsa mkodzowo ndi kapaipi, kapena kupereka mankhwala monga prazosin amene amafewetsa khomolo.

Nthawi iliyonse yang'anani mkodzowo. Ukakhala wa fungo loipa kwambiri, wamatope, kapena wosakanikirana ndi magazi, mwina matenda alowa, ndipo uyenera kukayezedwa. Kuti mudziwe ngati mphamvu yokodza yekha ikubwerera, musanamufinye mutengereni panja pamalo amene ankakonda kukodzapo, mum'patse mphindi zingapo kuti anunkhize. Akanunkhiza, n'kukhala m'maimidwe okodzera, n'kutulutsa mkodzo mwadala, ndiye kuti zinthu zikuyenda. Ngakhale atero, pitirizani kufufuza ndi manja akamaliza, popeza poyamba amatulutsa theka lokha, ndipo musasiye kufinya dokotala asanavomereze.

Za chimbudzi sizivuta chomwecho. Mankhwala ogonetsa ndi ochepetsa ululu amachedwetsa matumbo, choncho galu akhoza kutha masiku 3 kapena 4 osachita chimbudzi popanda vuto, ndipo ngakhale wakufa miyendo chimatuluka chokha. Akapitirira masiku 5, kapena akamadzikakamiza osatulutsa kanthu, dziwitsani dokotala.

Bala ndi mankhwala

Yang'anani bala kawiri pa tsiku pamalo owala, ndipo ngati muli ndi foni yojambula, lijambuleni tsiku lililonse kuti muzifanizira, popeza maso amene amaona chinthu tsiku ndi tsiku sazindikira msanga kusintha. Kufiira pang'ono ndi kutupa pang'ono m'mbali mwa ulusi m'masiku oyambirira n'kwachibadwa. Choopsa ndi mafinya, fungo, kutentha, kufiira kumene kukufalikira, kapena bala kuyamba kutseguka. Nthawi zina pansi pa khungu pamasonkhana madzi n'kupanga chotupa chofewa chosapweteka, makamaka kwa galu amene akudzigwedeza kwambiri. Musachiboole, koma muonetseni dokotala. M'masiku 3 oyambirira mukhoza kuika ayezi wokulunga m'nsalu pambali pa bala kwa mphindi 10, katatu pa tsiku, kuti kutupa kuchepe. Musapakepo mafuta kapena mankhwala amene dokotala sanakupatseni, ndipo musamusambitse thupi lonse kufikira ulusi utachotsedwa, kawirikawiri pakapita masiku 10 mpaka 14. Ngati angathe kufikira balalo ndi lilime, avale kolala ya pulasitiki yotambalala yomuletsa kunyambita bala nthawi zonse, usiku womwe.

Mankhwala aperekedwe pa nthawi yake ngakhale galu akuoneka kuti sakumva kupweteka, chifukwa ululu ndi wosavuta kuupewa kusiyana ndi kuuthetsa utakula. Agalu ambiri salira akamamva kupweteka. Amanjenjemera, amawefuka popanda kutentha, amakana kudya, amapinda msana, kapena amaumitsa mimba. Gabapentin, amene amaperekedwa kawirikawiri pa ululu wa mitsempha, amagonetsa ndiponso amachititsa galu kudzandira pang'ono, ndipo zimenezi siziyenera kukuopsani pokhapokha zitanyanya. Mankhwala ochepetsa kutupa monga carprofen ndi meloxicam amaperekedwa pamodzi ndi chakudya, ndipo sayenera kuphatikizidwa ndi mankhwala a mtundu wa steroid otchedwa prednisolone, chifukwa awiriwa akakumana amayambitsa zilonda za m'mimba. Galu akayamba kusanza, kutsegula m'mimba, kapena kuchita chimbudzi chakuda ngati phula, lekani kumupatsa mankhwala ochepetsa kutupawo ndipo imbani foni kuchipatala nthawi yomweyo. Prednisolone yekha sasiyidwa mwadzidzidzi, amachepetsedwa pang'onopang'ono motsatira malangizo a dokotala. Mankhwala a anthu monga ibuprofen, naproxen ndi diclofenac amawononga m'mimba ndi impso za galu, ndipo paracetamol asaperekedwe popanda mlingo wochokera kwa dokotala.

Sungani kabuku pafupi ndi khola kolembamo nthawi ya mankhwala, ya kukodza, ya chimbudzi ndi zimene wadya. Pakhomo pamene osamalira ndi awiri kapena atatu, kabukuka kamateteza galu kumwa mankhwala kawiri kapena kusamwa n'komwe.

Khungu ndi chakudya

Galu amene satha kudzitembenuza yekha atembenuzidwe maola 4 mpaka 6 alionse, kuti magazi asaleke kuyenda pamalo amene fupa lili pafupi ndi khungu, monga m'chiuno, m'zigongono ndi m'akakolo, pamene pamayambira zilonda za kugona. Mkodzo ukakhala pakhungu umawotcha, choncho akanyowa mupukuteni ndi nsalu yonyika m'madzi ofunda, muumitse bwinobwino, ndipo mukhoza kupaka Vaseline pang'ono m'mphechepeche. Mafuta okhala ndi zinc oxide apeweni, popeza galu akawanyambita amadwala. Onaninso pamwamba pa mapazi akumbuyo, amene amasupuka akamakokedwa pansi galu osamva kanthu. Masokosi kapena tinsapato ta agalu timathandiza potuluka panja, koma muzimuvula akabwerera m'khola.

Chakudya chikhale chimene anazolowera, choperekedwa pang'onopang'ono m'masiku oyambirira. Akayamba kudya bwino, chepetsani mlingo pang'ono, chifukwa galu wogona m'khola sagwiritsa ntchito mphamvu zambiri, ndipo kunenepa kumalemetsa msana ndi miyendo imene ikuphunziranso kunyamula thupi. Nthiti zake zizimveka mosavuta mukadutsitsa dzanja. Madzi musamumane pofuna kuchepetsa kuchapa, chifukwa madzi okwanira ndi amene amatsuka chikhodzodzo.

Kutuluka panja ndi zolimbitsa thupi

Munyamuleni kupita panja katatu kapena kanayi pa tsiku, kwa mphindi zosapitirira 5, ali pa chingwe nthawi zonse ngakhale m'bwalo lotchingidwa. Pindani thaulo m'litali, mulidutsitse pansi pa mimba kutsogolo kwa ntchafu, n'kugwira nsonga zake pamwamba pa msana. Cholinga si kumunyamula m'mwamba ngati wilibala, koma kumuchirikiza moti msana ukhale wowongoka ndipo mapazi akumbuyo azikhudza pansi. Kwa galu wamwamuna onetsetsani kuti thaulolo silikutseka pokodzera. Yendani pang'onopang'ono kwambiri, chifukwa mukafulumira amathamanga ndi miyendo yakutsogolo n'kumakoka yakumbuyo, pamene mukachedwetsa, miyendo yakumbuyo imapeza mpata woyesa kuponda. Phazi likapindika n'kuponda ndi kumsana kwake, imani, mulikonze ndi dzanja, kenako mupitirize.

Zolimbitsa thupi ziyambe dokotala akalola, nthawi zambiri patangopita masiku ochepa. Mugonekeni cham'mbali pamalo ofewa, ndipo yambani ndi kusisita ntchafu ndi miyendo kwa mphindi zingapo, osayandikira bala. Kenako gwirani mwendo ndi manja awiri, lina pamwamba pa bondo lina pansi pake, muupinde n'kuuwongola mofatsa maulendo 10 mpaka 15, ndipo chitani chimodzimodzi ndi chiuno, akakolo ndi zala. Mukamaliza, yendetsani mwendo wonse mozungulira ngati akupalasa njinga, phazi likukhudza chikhatho chanu pamene likanakhudza pansi. Mutembenuzeni n'kuchitanso mwendo winawo, ndipo zonsezi zichitike kawiri kapena katatu pa tsiku. Izi sizibweza mitsempha, koma zimateteza mfundo kuti zisaume ndi minofu kuti isafupike, kuti mitsempha ikadzadzuka idzapeze miyendo yotha kugwira ntchito.

Chinanso chothandiza ndi kumuimika. Ikani mapazi onse anayi m'malo mwake pamalo osaterera, mugwire chiuno ndi manja, ndipo chepetsani kugwirako pang'onopang'ono kufikira mutamva kuti wayamba kudzinyamula. Poyamba adzatha sekondi imodzi kapena ziwiri n'kukhala pansi. Akayamba kulimba, mukankheni chiuno pang'ono kumanzere ndi kumanja kuti aphunzire kusamutsa kulemera kwa thupi. Akalira, akaumitsa thupi kapena akatembenuka kufuna kuluma, lekani. Kusambira kapena kuyenda m'madzi kumathandiza kwambiri, koma kudikire mpaka bala litapoleratu, ndipo kuchitike moyang'aniridwa ndi odziwa.

Kusiyanitsa kuchira ndi kuipiraipira

Mphamvu zimabwerera motsatana mosemphana ndi mmene zinachokera. Kumva kupweteka kumabwera poyamba, kenako kugwedeza mchira ndi miyendo mwadala pamodzi ndi kukodza yekha, kenako kuima ndi kuyenda modzandira, ndipo chomalizira ndi kudziwa pamene phazi laponda, n'chifukwa chake galu amene akuyenda kale amapitiriza kukoka zikhadabo kwa milungu ingapo. Chenjerani ndi chinthu chimodzi chimene chimanamiza anthu ambiri: mukatsina chala mwendo n'kudzikoka, sizitanthauza kuti galu wamva, popeza kudzikoka kumeneko kumachokera m'msana momwemo popanda ubongo kudziwa. Wamva ngati watembenuza mutu, walira kapena wayesa kuluma. Kuyeza kotereku kusiyireni dokotala, musamamutsine tsiku ndi tsiku. Chizindikiro chimene mungachikhulupirire ndi mchira umene ukugwedezeka pamene mwalowa m'chipinda n'kutchula dzina lake, musanamukhudze. Agalu amene anachitidwa opaleshoni akumvabe kupweteka kawirikawiri amayamba kuyenda m'milungu 2 mpaka 4, pamene enawo akhoza kutenga miyezi 3 kapena kuposerapo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, choncho fanizirani mlungu ndi mlungu, osati tsiku ndi tsiku.

Koma pali zina zosafunika kudikira kuti kuche. Ngati galu wabwerera m'mbuyo, monga kusiya kugwedeza mwendo umene dzulo ankagwedeza, ngati ululu wakula mwadzidzidzi, ngati kutentha kwa thupi kwapitirira madigiri 39.5 pamene kwa galu wabwinobwino kumakhala pakati pa 38 ndi 39.2, kapena ngati wakana chakudya tsiku lathunthu, imbani foni. Pali vuto lina loopsa lotchedwa myelomalacia, limene limagwira pafupifupi galu mmodzi mwa 10 mwa amene anasiyiratu kumva kupweteka. Mtsempha wovulalawo umayamba kufewa ndi kufa, ndipo kufako kumakwera cha kumutu, nthawi zambiri m'mlungu woyamba kapena wachiwiri. Zizindikiro zake ndi mimba kulendewera, miyendo yakumbuyo kukhala lobodo, galu kulephera kukhala tsonga, miyendo yakutsogolo kuyamba kufooka, ndi kupuma movutikira. Vutoli silibwera chifukwa cha kulakwitsa kwa mwini galu, ndipo likafika pa kupuma palibe mankhwala ake, choncho galu wotere afike kwa dokotala msanga kuti asavutike.

Mlungu wachitatu

Nthawi yovuta kwambiri si masiku oyambirira, pamene galu ali wofooka ndipo aliyense pakhomo ali tcheru. Ndi cha m'mlungu wachitatu. Ulusi wachotsedwa, ubweya wayamba kumera, galu wayamba kuyenda modzandira, ndipo akakuonani amaika phazi pa chitseko cha khola n'kumalira motsitsa, maso ali pa inu. Wina m'nyumba amanena kuti kumutsekera chotere ndi nkhanza, ndipo amamutulutsa kuti akhale naye pa sofa kwa kanthawi. Pakhomo pakangogogoda munthu, galu amadumphira pansi asanagwiridwe. Khungu limapola m'milungu iwiri, koma minofu imene inapatulidwa pa fupa ndiponso chibowo cha disiki chimene zam'kati zinatulukira zimafuna nthawi yotalikirapo, ndipo kudumpha kumodzi kukhoza kutulutsa zotsalira za disikiyo n'kufinyanso mtsempha. Ine ndimaona kuti ndi bwino kuuzana pakhomo kuyambira tsiku loyamba, tsiku lotsiriza la khola litalembedwa pa kalendala, kuti pasadzakhale kukambirana galu akadzayamba kudandaula.

Ngati mukufuna kukhala naye pafupi, khalani pansi inuyo, galu ali pa chingwe pambali panu. Kusungulumwa kwake kuthetseni ndi zinthu zosafuna kuyenda. Gawo la chakudya chake liikeni m'chidole cha mphira chobowoka kuti azinyambita kwa nthawi yaitali, kapena bisani tizidutswa m'thaulo lopindapinda kuti azifufuza ndi mphuno. Zidole zimene amaziluma n'kumapukusa mutu zichotseni. Ngati ndi galu wosakhazikika amene akudzimenyetsa m'khola, uzani dokotala, popeza pali mankhwala odekhetsa monga trazodone amene amaperekedwa pa nthawi ngati imeneyi.

Kutuluka m'khola

Nthawi ya khola ikatha, dokotala amuyeze kaye, ndipo ufulu ubwerere pang'onopang'ono. Yambani ndi kuyenda pa chingwe kwa mphindi 5 kawiri kapena katatu pa tsiku pamalo athyathyathya, n'kumawonjezera mphindi 5 mlungu uliwonse ngati sakubwerako atatopa kapena akudzandira kwambiri. M'nyumba muyambe ndi chipinda chimodzi chosaterera inu mulipo, ndipo mukachoka abwerere m'khola. Kuthamanga, masitepe ndi kusewera ndi agalu ena zidikire mpaka miyezi iwiri kapena itatu, monga dokotala anganenere. Galu amene papita miyezi ingapo osayenda akhoza kuyezedwa kuti apeze kangolo ka matayala awiri konyamula chiuno, ndipo ambiri amakazolowera msanga, kungoti kufinya chikhodzodzo ndi kuyang'anira khungu kumapitirira moyo wake wonse.

Opaleshoni imakonza malo amodzi okha, pamene madisiki ena a galu yemweyo amakhala ndi chofooka chomwecho, ndipo agalu ena amadzadwalanso pamalo ena. Chifukwa cha ichi, ikani thabwa lotsetsereka lokutidwa ndi kapeti pamene amakonda kukwera, tchingani masitepe, pitirizani kugwiritsa ntchito chovala cha pachifuwa, ndipo thupi lake likhale lopepuka. Khola lija musalitaye. Tsiku lina mukadzaona akuyenda atapinda msana, akukana kukweza mutu, akulira pomunyamula kapena akukoka phazi, mubwezereni m'kholamo nthawi yomweyo, musamupatse mankhwala otsala a ulendo woyamba, ndipo pitani naye kwa dokotala tsiku lomwelo akadali kuyenda.